Nsinjiro za mu Msuzi wa Amayi

Tsiku limene mwana wa Mayi Sakina anatupa milomo pa tebulo lathu, amene anapereka mbaleyo ndinali ine. Funso la mayi ake ndinayankhanso ndine, ndipo ndinayankha bodza. Nkhaniyi ndikati ndiiyambe pakamwa, mawu amandithawa. N'chifukwa chake ndaganiza zoilemba.

Dzina langa ndine Dorica. Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 17, nditangolemba kumene mayeso a Fomu 4 kumapeto kwa chaka cha 2006. Podikira zotsatira ndinkathandiza amayi anga pa lesitilanti yawo ku Biwi, kuseri kwa magalaja. Sinali yaikulu ayi. Chinali chipinda chimodzi cha malata, matebulo anayi ndi mabenchi, kumbuyo kuli kakhitchini ka mbaula zitatu. Koma chimwalirireni bambo, chipinda chimenecho ndicho chinkatidyetsa ine ndi ang'ono anga awiri. Tinalibe munda, tinalibe wina wotiyang'ana.

Pa mzere wathu panali malesitilanti asanu, koma nthawi ya lanchi amakaniko ankadzaza mabenchi athu, maovolosi ali bii ndi oyilo. Chinkawakoka chinali nkhuku ya lokolo. Msuzi wake unali wolemera, wogwira pa mpunga, osati wamadzimadzi ngati wa ena. Chinsinsi chake tinkachidziwa awiri tokha, ine ndi amayi. Nkhuku ikatsala pang'ono kupsa, amayi ankatseka chitseko cha khitchini, n'kutulutsa kachitini kopanda malemba, n'kuthira masupuni atatu a nsinjiro za mtedza wokazinga mu poto wamkulu uja. Zinkasungunukira mu tomato moti sungazione.

Tsiku loyamba lenileni amayi anandilangiza.

"Dorica, za m'khitchini zimathera pakhomo la khitchini. Wina akakufunsa, uziti ndi tomato ndi anyezi basi. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Ine ndine munthu wamanyazi. Kusukulu ndinkakhala benchi la kumbuyo, yankho ndili nalo koma dzanja osakweza. Wamkulu akandiuza chinthu ndimachita, sindifunsa kawiri.

Linali Lachitatu, mwezi wa Januwale, kunja kukuwaza kamvula. Kunalowa mayi wina wovala mpango wobiriwira, atagwira dzanja kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Awa ndiwo anali Mayi Sakina a ku Kawale, ndi mwana wawo Kulusumu. Ankadikira minibasi ya amuna awo imene inkakonzedwa pa galaja ya a Kizito, makaniko amene ankadya kwathu tsiku lililonse.

"Mwana wanga, nkhukuyi anazinga ndani?" anandifunsa.

"Timagula kwa bambo ena achisilamu kumsika, mayi. Amazinga okha."

Zimenezo zinali zoona, ndipo ndinayankha mosajejema, chifukwa funso limenelo tinkalimva kawirikawiri.

"Chabwino. Nanga mu msuzimu mulibe mtedza? Nsinjiro kapena chiponde? Mwanayu mtedza umamuwenga koopsa."

Nthawi yomweyo pakhomo panali patayima Mayi Felesita a lesitilanti yoyandikana nafe, kachidutswa ka lata kali m'manja, akuti adzapale moto. Mayi amenewa anali atayesetsa miyezi yambiri kuti adziwe zimene amayi amathira. Ndinaona kuti atchera khutu. Ndinaganiza za mawu a amayi. Ndinaganizanso kuti masupuni atatu mu poto wodyetsa anthu makumi atatu si kanthu, ndipo ziwengo zimene ndinkazidziwa ine zinali zongoyabwa pakhungu, mawa zatha.

"Mulibe, mayi. Ndi tomato ndi anyezi basi."

Ndinanena ndikuyang'ana pansi. Ndinapakula mpunga, n'kuika ntchafu, n'kuwonjezera msuzi wambiri popeza anali mwana.

Sipanathe mphindi khumi. Kulusumu anayamba kukanda pakhosi. Kenako anatsokomola, supuni n'kugwa. Nditatembenuka ndinaona milomo yake itatupa ngati walumidwa ndi mavu, zikope zikutsekeka. Akamapuma pankamveka kamluzu. Sankalira. Ankangoyang'ana mayi ake, pakamwa pali yasa.

Anthu anadzuka m'mabenchi, aliyense ndi nzeru zake.

"Mpatseni mkaka!"

"Ayi, madzi a mchere, asanze!"

"Musampatse kanthu!" anakuwa Mayi Sakina atamunyamula kale. "Galimoto! Ndithandizeni galimoto, abale!"

A Kizito anasiya mbale yawo, n'kuthamangira ku galaja. Anabwera ndi kapikiapu ka kasitomala wawo, kopanda boneti, mawaya ali pamtunda. Ananyamuka matope akuuluka. Asanakwere, Mayi Sakina anandiyang'ana kamodzi kokha.

A Kizito anabwerako cha m'ma folo koloko. Anthu oseka ngati iwo, tsiku limenelo anangokhala pa benchi, chipewa n'kuika pa bondo.

"Mwana ali moyo," anatero. "Ambaya jekiseni, amuika chothandizira kupuma. Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina. Koma Make Dorica, mayi aja akulumbira kuti ndi mtedza. Akuti anafunsa, n'kuuzidwa kuti mulibe."

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mbale zimene ndinkatsuka.

"Muno mulibe mtedza," amayi anayankha. "Mwanayo anabwera akudwala kale."

Titatseka, anatenga kachitini kaja n'kukakankhira pansi pa thumba la makala.

"Amayi, anandifunsadi," ndinanong'ona.

"Khala chete. Masupuni atatu angaphe munthu? Tikavomera atitsekera, ndiye mudya chiyani, iwe ndi ang'ono ako? Udya satifiketi yako ya Fomu 4?"

Anamanganso chitenje chawo, osandiyang'ana. Sindinawaonepo ali ndi mantha otero chiikireni maliro a bambo.

Kutacha, Biwi yense anali ndi nkhani. Palibe ankanena za mtedza. Anthu ankati amayi ali ndi mankhwala okokera makasitomala, n'chifukwa chake amatseka chitseko pophika. Wina anati anawaonapo akuthira ufa wa m'kachitini. Wina anawonjezera kuti mankhwala otero amafuna mwana chaka ndi chaka. Lachinayi kunabwera anthu atatu okha. Mmodzi mwa iwo anali a Kizito, koma nawonso anaitanitsa nyemba.

"Musandione choncho, mayi," anatero akuseka mokakamiza. "Mimba yanga lero ikufuna za kumunda."

Poto wa nkhuku tinabwerera naye kunyumba ali wodzaza.

Lachisanu m'mawa kunabwera mayi wina wamtali, atavala majombo ndi khoti loyera, faelo ili m'khwapa. Anati ndi Mayi Gondwe, oyendera za umoyo m'malo ophikira zakudya mu mzinda. Sanakalipe. Anasuzumira mu ndowa ya madzi, anaona pamene timatsukira mbale, anapempha chiphaso cha lesitilanti ndi makalata athu a kuchipatala. Kenako anakhala pa benchi.

"Mayi, ndalandira dandaulo la makolo a mwana amene anadya pano Lachitatu. Tandiuzeni zonse zimene mumathira mu nkhuku."

"Tomato, anyezi, mchere, mafuta ophikira, ufa wa kale pang'ono."

"Basi?"

"Basi, mayi."

Mayi Gondwe analemba. Atatha anatseka faelo pang'onopang'ono.

"Ndiye vuto lakula. Mwana watsala pang'ono kufa ndi chakudya cha pano, ndipo palibe akudziwa chimene chamupweteka. Chinthu chosadziwika sindingachisiye chizidyedwa ndi anthu. Ndikalemba kuti malo ano atsekedwe mpaka tifufuze, ndipo kufufuza sikutha lero kapena mawa. Koma chondiwawa ine si chimenecho. Mwana uja kuyambira dzana akungomwa phala la ufa woyera. Mayi ake akuopa kumupatsa nkhuku, akuopa tomato, akuopa mafuta. Akuganiza kuti kwabuka chinthu china chatsopano chomuwenga. Nawonso adokotala akufuna adziwe kuti awalangize bwino."

Ine ndinali pakhomo la khitchini, nsanza yopukutira matebulo ili m'manja. Ndinakumbukira nkhope ya kamwana kaja, mmene kankayang'anira mayi ake. Sindikudziwa kuti ndinayenda bwanji, koma ndinapezeka ndakweza thumba la makala. Kachitini ndinakaika pa tebulo, patsogolo pa Mayi Gondwe.

"Dorica!" anatero amayi.

"Ndi nsinjiro," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Ndi nsinjiro, mayi. Timathira masupuni atatu. Mayi aja anandifunsa, anandiuzanso kuti mwana wawo mtedza umamuwenga. Ine ndinkadziwa kuti zilimo. Ndinati mulibe."

Mayi Gondwe anatsegula kachitini, ananunkhiza, n'kukatseka. Ndinkadikira kuti amayi andikalipire. M'malo mwake anakhala pansi pa benchi ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

"Musamulembe mwanayu," anatero. "Ndinamuuza ndine kuti asamaulule. Wolakwa ndine."

"Nonse muli ndi mbali yanu," anayankha Mayi Gondwe. "Khala pansi, Dorica. Wachita bwino kulankhula. Tsopano mverani, chifukwa si inu nokha amene simukuzidziwa zimenezi."

Anatifotokozera kuti pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi chakudya china, monga mtedza, nsomba, mazira, mkaka kapena soya. Kwa ena zimangotuluka ziwengo zoyabwa. Koma kwa ena khosi limatupa mkati, mpweya n'kulephera kudutsa, ndipo munthu atha kufa pa mphindi zochepa.

"Koma mayi, masupuni atatu okha, poto yense uja?" anafunsa amayi.

"Ngakhale supuni imene mwapakulira masamba otendera, mukaiviika mu nyemba, yakwana. Si nkhani ya kuchuluka ayi. Ndipo si ufiti, si matama, si kusankha zakudya. Ndi mmene thupi lake linapangidwira."

"Nanga ife tingadziwe bwanji? Munthu sanalembedwe pachipumi."

"Zoona. Iye udindo wake ndi kunena. Inu udindo wanu ndi kuyankha zoona. Mayi aja ananena. Tandiuza, Dorica, munthu akakufunsa ngati muli nyama ya nkhumba, kapena ngati nkhuku inazingidwa, umamunamiza?"

"Ayi, mayi. Sindingayerekeze."

"Chifukwa?"

"Ndi chipembedzo chake. Kungakhale kumulakwira kwambiri."

"Ndiye funso la mtedza ulilemekeze chimodzimodzi, chifukwa pamenepo pali moyo wake. Ndipo dziwani kuti si nkhani ya chifundo chokha. M'dziko muno muli lamulo loteteza ogula. Limati wogula ali ndi ufulu wouzidwa zoona za chinthu chimene akugula, komanso wotetezedwa ku zinthu zimene zingawononge thanzi lake. Mukamunamiza, iye n'kupwetekeka, atha kukusumirani kukhoti kuti mupereke chipukuta misozi. Mwana uja akanamwalira, bwenzi pano pali apolisi, osati ine."

"Ngakhale ine wongoperekera?" ndinafunsa.

"Ngakhale iwe. Mwini malo amayankha pa zochita za antchito ake, koma wonena bodza ndi pakamwa pake sangabisale kumbuyo kwa bwana. Kukhoti mawu oti ‘anandituma’ sachotsa zimene unanena."

Amayi anapukusa mutu. "Ndiye chinsinsi changa ndichiike pa msewu? Mawa mzere wonsewu uphika ngati ine."

"Palibe akukufunsani kaphikidwe, mayi. Kuti mumakazinga bwanji mtedza, mumathira nthawi yanji, moto wake wotani, zimenezo ndi zanu, sungani. Koma chimene chikulowa m'mimba mwa munthu si chinsinsi chanu. Ndi chake. Ndiponso taonani kumene kubisa kwakufikitsani. Pobwera pano anthu atatu andiuza kuti muli ndi mankhwala."

Amayi anaseka kamodzi, misozi ili m'maso. "Mankhwala ake nsinjiro za ku msika wa Kawale."

Mayi Gondwe anatiuza kuti tisaphike mpaka Lachiwiri, tikonze zinthu zimene anatilembera, iwo adzabwera kudzaona. Za kukhoti anati si iwo angagamule. Zinali m'manja mwa makolo a mwana.

"Ndikanakhala inu, sindikanadikira samani," anatero ponyamuka. "Ndikanapita ndekha."

Loweruka masana tinapita ku Kawale. A Kizito anatiperekeza chifukwa ndiwo ankadziwa nyumba. Kulusumu anali atatuluka m'chipatala m'mawa womwewo. Tinamupeza atagona pa mkeka pakhonde, nkhope itaphwa koma ali wofooka. Mayi Sakina anatipatsa mpando, koma amayi anakana, n'kukhala pansi. Inenso ndinagwada pambali pawo.

Amayi anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Itafika nthawi yanga ndinangokwanitsa mawu ochepa.

"Munandifunsa, mayi. Ndinakunamizani. Pepani."

Mayi Sakina anasisita mutu wa mwana wawo.

"Ukudziwa chifukwa chake ndinafunsa iwe?" anatero. "Ndinaona nkhope yako yofatsa, ndinati mwana uyu sanganame. Zaka zinayi ndakhala ndikumuteteza mwanayu. Ku ukwati sadya, ku sadaka sadya, kusukulu anzake akamagawana zitumbuwa ndi mtedza iye amakhala patali. Anthu amandinena kuti ndimamulera mwachizungu. Ndiye ndidzamupereke ndekha ndi dzanja langa, ndikumuuza kuti idya mwanangu, palibe choopsa?"

Misozi inkangogwera pa siketi.

"Bambo ake amafuna za kukhoti," anapitiriza. "Ine ndimafuna kudziwa chimene chinamupweteka. Masiku atatu ndakhala ndikuopa poto wanga yemwe. Tsopano ndadziwa kuti ndi mdani wakale yemwe uja, palibe wina. Ndilankhula nawo bambo ake. Koma ndikamva kuti mwanamizanso munthu wina, ndidzapita ndekha kukhotiko, wapansi."

"Simudzamva," anatero amayi.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi, ndi Lolemba lonse, tinagwira ntchito. A Kizito anatipatsa chidutswa cha pulayiwudi, n'kuchipaka penti wakuda. Popeza wa Fomu 4 ndinali ine, choko anapatsa ine. Ndinalemba ndiwo iliyonse ndi zimene zilimo. Pa nkhuku ndinalemba kuti MULI NSINJIRO ndi zilembo zazikulu. Pansi pake ndinalemba kuti: Ngati pali chakudya chimene chimakuwengani, tiuzeni musanaitanitse.

Amayi anagula masupuni opakulira asanu, poto aliyense yake, n'kumanga kansalu kofiira pa chogwirira cha masupuni a ndiwo za nsinjiro kuti asasokonezeke. Anapatulanso kapoto kena ndi mthiko wake kophikira nkhuku yopanda nsinjiro, kamene kamakhala pa mbaula ya kumapeto, kovindikira. Anandiphunzitsa mawu atsopano m'malo mwa akale aja: ngati sindikudziwa, ndizinena kuti sindikudziwa, ndikafunse kukhitchini. Ndipo wina akayamba kutupa kapena kubanika, tisataye nthawi ndi mkaka kapena madzi a mchere, koma tithamangire naye kuchipatala, n'kukawauza adokotala zonse zimene wadya.

Lachiwiri Mayi Gondwe anabwera. Anawerenga bolodi lonse, analowa m'khitchini, ananyamula supuni iliyonse. Kenako anandifunsa mwadzidzidzi ngati kasitomala.

"Mtsikana, ine mazira amandiwenga. Mandasi awa ndingadye?"

"Mandasiwo sitiphika ife, mayi, amabweretsa munthu wina. Sindikudziwa ngati amathira mazira. Musadye kaye mpaka titamufunsa."

Anamwetulira koyamba chibwerereni. Anasaina pepala, n'kuuza amayi kuti ayatse mbaula.

Anthu sanabwerere tsiku limodzi. Ankayamba aima pakhomo n'kuwerenga bolodi. A Kizito ndiwo anathandiza. Analowa ndi anyamata awo anayi, akulankhula mokweza kuti mzere wonse umve.

"Make Dorica, tipatseni nkhuku ya mankhwala ija! Zaka zonsezi ndimati mwandidyetsa konda ine, osadziwa kuti ndi mtedza wa ku Mchinji!"

Anthu anaseka, ndipo mphekesera ija inafera pomwepo. Pofika kumapeto kwa Febuluwale mabenchi anali atadzazanso. Samani sinabwere.

Chimene chinandidabwitsa ndi kuchuluka kwa anthu amene anayamba kunena. Woyendetsa thiraki wina, bambo wamkulu wandevu, anandiitanira pambali ngati akuulula tchimo.

"Achemwali, ine nsomba zimanditupitsa. Ndimachita manyazi kunena, anzanga amandiseka. Tchipisi chokha ndi bho, eti?"

"Ayi, bambo. Tchipisi cha lero takazingira mafuta amene tinakazingira nsomba. Musadye. Nyemba ndi mpunga mulibe nsomba, ndipo supuni yake ndi yayokha."

Anandiyang'ana modabwa. Anadya nyemba zake bwinobwino, napita ali wathanzi. Sabata yotsatira anabwera ndi anzake awiri.

Manyazi sanandithere. Mpaka lero ndimalankhula motsitsa, ndipo anthu ena amandiuza kuti ndibwereze. Koma kwa inu nonse amene mumaphika kapena kuperekera zakudya, kaya mu lesitilanti, kaya pa chiwaya, kaya pa ukwati, ndikupempha chinthu chimodzi. Munthu akakuuzani kuti chakudya china chimamuwenga, mukhulupirireni. Muuzeni zoona za zimene zili mu mbale. Ngati simukudziwa, nenani kuti simukudziwa, mukafunse. Bwana akakuuzani kuti mubise, musavomere, chifukwa lamulo lidzafunsa iye ndi inu nomwe. Ndi bwino kasitomala atuluke ndi njala akuyenda yekha, kusiyana ndi kutuluka atanyamulidwa.